Chithandizo choyang'anitsitsa malo amodzi ndi maso, alipo akuchidziwa?

MayiWaKuChibavi
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi funso ndipo chonde mundiyankhe mwachifundo chifukwa nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Bambo a kwathu ndi dalaivala, ankayendetsa lole ya matabwa, ndiye chaka chatha anachita ngozi ku Chikangawa m'mamawa kuli chifunga chokhachokha, anawombana ndi minibasi. Iwo anatuluka ndi timabala tochepa koma mu minibasimo munatayika miyoyo ndipo ena mwa anthuwo anawanyamula okha ndi manja awo kuwaika m'mbali mwa msewu. Mabala anapola kalekale koma munthuyo si uja ndinkamudziwa. Usiku amadzidzimuka thukuta lili kamukamu, akamva hutala ya galimoto manja amanjenjemera, ntchito anasiya, mwana akagwetsa mbale amakalipa mpaka ana ayamba kuwathawa. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira vidiyo pa WhatsApp ya chithandizo china chake akuti Brainspotting, akuti munthu amangoyang'anitsitsa nsonga ya kandodo malo amodzi ndiye mantha aja amachoka m'thupi. Kodi alipo akuzidziwa zimenezi? Ndi zenizeni kapena ndi njira yongodyera anthu ndalama? Ndatopa kuwaona akuvutika chonchi.

Kabaza_Luwinga
Pepani kwambiri mayi. Koma zoyang'ana kandodozo ine ayi, munthu waona mitembo ndi maso ake ndiye achire poyang'ana ndodo? Samalani ndi ndalama zanu, pa intaneti pachuluka akamberembere.

NesiWaUsiku
@Kabaza_Luwinga musafulumire achimwene, chinthucho chilipodi, si chopeka cha pa WhatsApp ayi. Anachiyambitsa ndi mphungu wina wothandiza anthu pa mavuto a m'maganizo wa ku New York dzina lake David Grand mu 2003. Iyeyu poyamba ankagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa EMDR, imene wodwala amatsatira chala cha mphungu ndi maso, kumanja kumanzere kumanja kumanzere, uku akukumbukira chimene chinamuchitikira. Malinga ndi mmene mwini wake amafotokozera, tsiku lina ankathandiza mtsikana wa zaka 16 wochita masewera otsetsereka pa ayezi amene ankakanika kulumpha kwinakwake, ndiye anaona kuti chala chikafika pamalo ena maso a mtsikanayo akugwedera kenako nkuima. M'malo mopitiriza kuyendetsa chala anangochiimika pompo, mtsikana uja nkuyamba kutulutsa zinthu zakale zopweteka, zina zoti anali asanazitchulepo. Apo ndi pamene panachokera ganizo lake loti komwe wayang'ana kumakhudza mmene ukumvera m'thupi. Ndiye chilipo. Koma kukhalapo ndi kutsimikizika kuti chimachiza ndi zinthu ziwiri zosiyana, pamenepo ndi pofunika kukambirana bwino.

Kabaza_Luwinga
Chabwino asisi ndamva. Koma ndikufunabe munthu woti zinamuthandiza osati za m'mabuku.

Mtchona_waMzimba
Ine pano. Ndimagwira ntchito ku South Africa ndipo zinandichitikira, anatithyolera nyumba usiku anthu a mfuti, anandigoneka pansi mfuti ili pakhosi mkazi wanga akuona. Kuchokera pamenepo ndinasiya kugona, ndinkayendera chitseko usiku wonse kuona ngati ndakhoma, ndikamva munthu akuyenda kumbuyo kwanga m'mimba mumangoti zii. Abwana anga anaona kuti ntchito ikundikanika ndiye anandilipirira kwa mayi wina mphungu amene amapanga zimenezi. Ndikuuzeni mmene zinkayendera kuti mayi a ku Chibavi adziwe. Choyamba sanatulutse kandodo ayi, tinayamba ndi kungocheza, kundifunsa za moyo wanga, za tulo, za mowa, ngati ndinaganizapo zodzipweteka. Tsiku lina ndi pamene anati ndiganize za usiku uja pang'ono chabe kenako ndimuuze kuti ndikuzimva pati m'thupi, ine ndinati pakhosi ndi pachifuwa. Anati pa 0 mpaka 10 ululuwo uli pati, ndinati 9. Ndiye anatenga kandodo kachitsulo kotalikitsika kaja aphunzitsi amalozera pa bolodi, nkumakayendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa nkhope yanga, akuti ndinene pamene ndikumva kuti zakula. Kakafika chakumanzere cham'munsi khosi linkauma gwaa mpweya nkumachepa. Anakaimika pamenepo nkundiuza kuti ndingoyang'ana ndipo chilichonse chobwera ndichisiye chibwere. M'makutu anandiveka mahedifoni a kanyimbo kapansipansi kamene kamachoka khutu ili kupita khutu linalo. Iye samayankhula zambiri, amangokhala pompo nkumandiyang'anira. Miyendo inanjenjemera yokha, misozi, kuyasamula kosalekeza, ndinakumbuka mpaka maliro a bambo anga ku Mzimba zoti sindinapitire kukanena. Pomaliza ndinati 4. Ndinatuluka nditatopa kwambiri ndipo usiku umenewo ndinagona.

Mtchona_waMzimba
Koma ndisakunamizeni, sikuti zinathera tsiku limodzi. Ndinapitako kangapo ndipo masiku ena ndinkabwerako ndili ovutika kuposa mmene ndinapitira. Panopa ndimagona, chitseko ndimakhoma kamodzi basi, koma phokoso la mfuti pa TV sindilifunabe.

MayiWaKuChibavi
@Mtchona_waMzimba zikomo achimwene, ndawerenga misozi ili m'maso chifukwa zoyendera chitsekozo ndi zomwenso amachita bambo akunowa. Mulungu akudalitseni pofotokoza mosabisa.

MwanaWaMzuni
Ndikulemekeza zimene achimwene a ku Mzimba adutsamo, koma mundilole ndinene mbali inayo. Munthu mmodzi kuchira sikutiuza kuti chamuchiza ndi kandodo. Taonani zimene zinalipo m'chipindamo, munthu wophunzira amene anakhala nawo pansi mwachifatse, malo otetezeka, kuyang'anizana ndi chikumbumtima chowawacho pang'onopang'ono m'malo mochithawa, komanso nthawi imene inadutsa. Zonsezi pazokha zimadziwika kuti zimathandiza. Kafukufuku wa Brainspotting alipo koma ndi wochepa, wa anthu owerengeka, ndipo wambiri anapanga ndi anthu omwewo amene amaikonda njirayi kapena kuiphunzitsa. Zija amanena m'mavidiyo zoti diso likaima pamalo ena ndiye lalumikizana ndi pamene mantha anabisala mkatikati mwa ubongo, limenelo ndi ganizo la amene anayambitsa, silinatsimikizidwe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2013 linatulutsa malangizo a chithandizo cha anthu amene aona zoopsa ndipo zina mwa njira zimene linavomereza ndi EMDR komanso CBT yolunjika pa zoopsazo, CBT kukhala uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake. Brainspotting mulibemo.

Mtchona_waMzimba
Aphwanga mukunena zoona mwina, ine sukulu ya zimenezo ndilibe. Koma ndinayesa kufotokozera abusa, ndinayesa kufotokozera mkazi wanga, mawu samatuluka. Chimene chinandithandiza kumeneko nchoti sanandikakamize kufotokoza nkhani yonse. Ndinkangokhala chete thupi nkumachita zake. Kwa mwamuna ngati ine zimenezo zinali zopepuka kusiyana ndi kufunsidwa mafunso.

MwanaWaMzuni
Pamenepo ndikugwirizana nanu akulu, ndipo mwina mphamvu yake ili pomwepo, kuti munthu amene mawu amamukanika amapeza polowera. Ine chomwe ndikukana ndi kulonjeza mayiwa kuti ndi mankhwala otsimikizika pamene umboni sunakwane.

Mkulu_waMpingo
Mayi, pepani ndi zimene banja lanu likudutsamo. Ine ndingoti musaiwale pemphero. Munthu amene wanyamula akufa ndi manja ake mtima wake umakhala ndi katundu amene dokotala sangamuone pa sikelo. Mwina bamboo akudziimba mlandu kuti ndi iwo anapha anthuwo ngakhale kuti inali ngozi. Aitanireni akulu a mpingo adzacheze nawo, osati kudzawakuwira m'makutu ayi, kudzakhala nawo pansi.

NesiWaUsiku
@Mkulu_waMpingo mwayankhula mwanzeru bambo, makamaka apo mwati osati kuwakuwira. Ndaonapo anthu otere atatengeredwa kumapemphero a usiku kumene kuli zimkuzamawu ndi kukuwa, munthu woti akamva hutala amanjenjemera, akubwerako zitaipiraipira ndiye nkumauzidwa kuti chikhulupiriro chake nchochepa. Pemphero ndi chipatala sizilimbana, zonse ziyendere limodzi.

Mkulu_waMpingo
Ndi momwemo mwanawe. Ifenso timatumiza anthu kuchipatala.

Dalaivala_M1
Nkhani iyi yandigwira pamtima. Msewu wa Chikangawa ndimaudziwa, nthawi yozizira chifunga chimatsika moti suona ngakhale kutsogolo kwa boneti, ndiye upeze lole yafera pakona popanda chizindikiro, angothyola nthambi nkuika pamsewu basi. Madalaivala ambiri tili ndi zinthu m'mutu zimene sitinena. Ine ndinaona mnzanga atapanikizika m'kabini ku Chiweta, tinalephera kumutulutsa nthawi yabwino. Mpaka lero ndikamatsika mapiri amenewo manja amachita thukuta pa chiwongolero ndipo pamalo pomwepo sindiyang'anapo, ndimayang'ana kunyanja. Ndiye zoti maso ndi mantha zimayenderana ine sindikudabwa nazo.

Kabaza_Luwinga
Za nthambi pamsewuzo ndiye musanene akulu. Ndipo malole ambiri usiku amayenda nyali imodzi, ife a njinga timangoona ngati ndi mnzathu wa njinga yamoto kenako uli m'ngalande.

Chiputula_Boy
Komanso ma minibasi kuthamanga, akufuna apange maulendo ambiri pa tsiku chifukwa mwini galimoto wawaikira ndalama yoti abweretse madzulo. Dalaivala wagona maola atatu okha. Ngozi zitha bwanji.

Dalaivala_M1
Zimenezo ndi nkhani ya tsiku lonse aphwanga. Tibwerere kwa mayiwa.

Mphungu_Katoto
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiyankhe motalikirapo chifukwa ntchito yanga ndi yauphungu. Mayi a ku Chibavi, sindingapime munthu pa foni, koma zimene mwafotokozazo, kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi phokoso, kuthawa chilichonse chokumbutsa ngoziyo, kupsa mtima msanga, zikapitirira mwezi umodzi chichitikireni choopsacho ndipo zikusokoneza ntchito ndi banja, timaganizira vuto lotchedwa PTSD. Si misala, si kufooka, si kulodzedwa. M'ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala kamene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi kukabwera choopsa, mtima uthamange, minofu ikungike, munthu athawe kapena alimbane. Kwa anthu ena choopsa chikadutsa kachigawoka sikakhazikika, kamangochenjezabe ngakhale pa mbale yogwa. Nchifukwa chake kuwauza kuti iwalani zinapita sikugwira, iwo m'mutu akudziwa kuti zinapita koma thupi silinamve. Njira zonga Brainspotting zinabadwira pamenepa, kuyesa kufikira thupilo osadalira mawu okha, ndipo David Grand anatengako nzeru ku EMDR ya Francine Shapiro imene inayamba mu 1987 komanso ku njira ina ya Peter Levine yotsatira zimene thupi likumva. Ine sindiinyoza ayi, pali anzathu a ntchito m'maiko ena amene amaigwiritsa ntchito mwaulemu ndipo odwala awo amayamikira. Koma mnyamata wa ku Mzuni wanena zoona pa za umboni. Ndiye langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kusaka dzina la njira, yambani ndi kusaka munthu wophunzira woti awaone bambowo. Kuno tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe, a St John of God ali mu mzinda wa Mzuzu momwe muno ndipo ntchito yawo ndi ya umoyo wa m'maganizo, ali ndi aphungu komanso koleji yophunzitsa anthu a ntchito imeneyi. Ku Mzuzu Central Hospital nakonso mukhoza kuyambirako. Mukafika afunseni kuti pa vuto la munthu amene waona zoopsa ali ndi njira ziti, adzakuuzani zimene angathe.

Mphungu_Katoto
Chachiwiri, ndipo ichi ndikupemphani ndi mtima wonse. Musatenge cholembera kunyumba nkuyamba kuwayendetsera kumaso potsatira vidiyo ija. Zimaoneka zophweka, kandodo ndi kukhala chete basi, koma ntchito yeniyeni si kandodoko, ndi kudziwa chochita munthu akayamba kubanika, akayamba kuona ngoziyo ngati ikuchitika pompo, kapena akangoti duu osakumvaninso. Zili ngati kufinya chithupsa ndi manja osasamba, mafinya atuluka inde koma chilonda chimene mwasiyacho chikhoza kuposa poyamba. Mphungu amayamba waphunzitsa munthu njira zodzikhazikitsira mtima pansi asanakhudze chikumbumtimacho, ndipo amadziwa poimira. Inu ndinu mkazi wawo, udindo wanu ndi wina ndipo ndi waukulu kale.

MayiWaKuChibavi
Mayo ine, ndinali nditaganiza kale zoyesera madzulo ano ana akagona. Zikomo mwandiletsa.

Masasa_Queen
Ine ndifunse nawo. Pa Facebook pali munthu wina amalengeza kuti amachiza nkhawa ndi njira yomweyi pa vidiyo kolo, akuti utumize ndalama kaye pa foni. Ndimuyese? Ine vuto langa ndi mtima kuthamanga ndikakhala pagulu, mu minibasi ndimafuna kutsika ngakhale sindinafike.

NesiWaUsiku
@Masasa_Queen asisi musatumize kaye. Mufunseni kuti anaphunzira uphungu kuti, ali ndi pepala lanji, ndipo amagwira ntchito pansi pa ndani. Maphunziro oyamba a Brainspotting ndi a masiku ochepa chabe, anapangidwira anthu amene ndi aphungu kale kuti awonjezere pa luso lawo, ndiye munthu amene pepala lake ndi lokhalo basi sanakwane kugwira munthu wovulala mumtima. Akakwiya ndi mafunso amenewa mwadziwa kale yankho. Komanso za mtima kuthamangazo pitani kaye akakuyezeni BP, magazi ndi shuga, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro nazonso zimathamangitsa mtima. Zikapezeka zili bwino ndiye mukambe za nkhawa, ndipo nkhawa yotereyi CBT imaithandiza bwino kwambiri.

Masasa_Queen
Magazi anandiuzapo kuti ndi ochepa nthawi ya mimba. Ndipita ndikayezetsenso.

GogoZolozolo
Ana anga, ine foniyi amandilembera ndi mdzukulu. Ndimakhala kufupi ndi manda kumene anaika anyamata amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011. Mwana wanga wamwamuna analipo m'tauni tsiku limenelo, sanavulale koma anaona mnzake akugwa. Zaka zonsezi zapita koma kukamveka kuti kuli zionetsero iye amadzitsekera m'nyumba, fungo la matayala oyaka limamudwalitsa mutu ndi kusanza. Nthawi imeneyo palibe anatiuza kuti pali chithandizo, tinkangoti limba mtima ndiwe mwamuna. Anayamba kumwa kachasu, banja linatha. Ndiye mayi iwe wa ku Chibavi usachedwe ngati mmene tinachedwera ife. Kaya ndi kandodo kaya nchiyani, mutengere mwamuna wako kwa anthu odziwa.

Dalaivala_M1
Agogo mwandiliza. Limba mtima ndiwe mwamuna, mawu amenewa atipweteka ambiri.

Mphungu_Katoto
@GogoZolozolo agogo, mwana wanuyo sanachedwe. Anthu amathandizika ngakhale patapita zaka zambiri, ndipo vuto la mowa ndi la mantha amazithandizira limodzi. Ngati angalole mubwere naye.

MwanaWaHewe
Ine ndikuona ngati tikuzunguzika ndi za azungu pamene kwathu kuno tili nazo kale. Vimbuza ndi chiyani? Munthu wavutika mumtima, mawu akumukanika, amamuimbira ng'oma, abale amuzungulira akuwomba m'manja, thupi limanjenjemera, amavina mpaka kutopa, mawa lake wapepukidwa. Amayi anga aakulu ankavina ndipo ankakhala bwino miyezi. Achimwene a ku Mzimba anena kuti miyendo inanjenjemera yokha, kodi si zomwezo? Ngakhale a UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, anavomereza vimbuza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Mkulu_waMpingo
Apo ndiye tisiyana mwanawe. Vimbuza ndi nkhani ya mizimu, ine sindingalangize mkhristu kupita kumeneko.

MwanaWaHewe
Bambo ndikukulemekezani koma ambiri amene amavina ndi a mpingo omwewo, Lamulungu ali kutchalitchi. Ine sindikunena za mizimu, ndikunena kuti makolo athu anadziwa kalekale kuti chisoni chimakhala m'thupi ndipo chimafuna potulukira.

MwanaWaMzuni
Mfundo yoti makolo anazindikira za thupi ndi yoona ndipo ndi yofunika. Koma UNESCO inavomereza vimbuza ngati chikhalidwe choyenera kusungidwa, sinanene kuti ndi mankhwala a PTSD, tisasakanize. Muyeso umene ndaika pa kandodo ka ku New York ndi womwewonso ndingaike pa ng'oma ya ku Rumphi. Chimene ndikuona chofanana pa ziwirizi nchoti munthu savutika yekha, pali ena amene akhala naye mpaka chimphepocho chidutse.

MwanaWaHewe
Ndiye bwanji aphungu athu osaphunzira kuchokera kumeneko m'malo mongotengera za kunja zokhazokha?

Mphungu_Katoto
Funso labwino ndipo ena akuyesa kumanga chithandizo pa zimene anthu ali nazo kale. Ku Zimbabwe dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala pa benchi kunja kwa chipatala nkumamvetsera anthu a nkhawa ndi kuwathandiza kupeza njira zothetsera mavuto awo, ndipo imeneyo inayesedwa pa kafukufuku wooneka bwino nkupezeka kuti ikuthandiza. Kuno ku Malawi nayonso yayesedwapo m'zipatala zina. Koma kwa munthu amene ngozi ikumubwerera m'maso ngati bambo a ku Chibavi, phokoso la ng'oma ndi khamu la anthu ndingachite nazo mantha pakadali pano, chimodzimodzi mapemphero okuwa aja.

Chiputula_Boy
Bwanji osangowagulira mapilisi ogonetsa? Msuweni wanga amamwa diazepam amagona bwinobwino.

NesiWaUsiku
Ayi ayi chonde. Diazepam amagonetsa inde koma sachotsa vutolo, thupi limamuzolowera msanga ndipo kusiya kumavuta, akaphatikiza ndi mowa akhoza kuleka kupuma. Malangizo a WHO a 2013 omwe aja ananena kuti mankhwala a mtundu umenewu asamaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo mwezi woyamba munthu ataona zoopsa. Ndiye munthu woti mwina adzabwerera pa chiwongolero, mapilisi ogula mwamseri ndi oopsa kawiri. Alipo mankhwala ena amene adokotala amapereka akaona kuti ndi ofunika, koma alembe ndi iwo atamuona munthuyo. Msuweni wanuyonso asasiye mwadzidzidzi, apite akamuthandize kuchepetsa pang'onopang'ono.

Chiputula_Boy
Sindimadziwa kuti nzoopsa choncho. Ndimuuza.

MayiWaKuChibavi
Abale zikomo nonse, ndamva ndipo ndatola zambiri. Koma vuto lina ndi ili, ndinawatchulirapo za St John of God mwezi watha anakwiya kwambiri, akuti ukundiyesa wamisala, akuti anthu akandiona ndikulowa pageti paja ndiye palibe adzandilembenso ntchito yoyendetsa galimoto. Anakhala osandiyankhula mpaka ndinasiya nkhaniyo. Ndiwayambe bwanji?

Mtchona_waMzimba
Mlamu, musawauze kuti mukudwala. Ine mkazi wanga akanati ukudwala mutu ndikanakana mpaka lero. Chimene chinandigwira nchoti anati ana akukuopa ndipo akukusowa. Yambirani pa tulo, muwauze kuti tiyeni tikafunse za kusagonaku basi, chifukwa kusagona palibe mwamuna amachita nako manyazi.

Mphungu_Katoto
Achimwene a ku Mzimba anena bwino. Sankhani nthawi imene mtima wawo uli pansi, osati atangodzidzimuka kapena atangokalipa. Nenani zimene inu mukuona ndi mmene zikukupwetekerani, osawapatsa dzina la matenda. Ngati ali ndi munthu amene amamumvera, malume awo, ankhoswe kapena mnzawo wa ntchito, mudzereni ameneyo. Inunso mukhoza kupita nokha kaye kukaonana ndi mphungu, akakulangizani mmene mungakhalire nawo komanso inuyo mwasenza zambiri, mukufunika wokumverani. Zimene munthu wakamba ndi mphungu ndi zachinsinsi, sizipita kwa abwana a ntchito. Koma chinthu chimodzi musachidikirire, akayamba kunena zoti bola kufa, kapena zoti ana adzakhala bwino popanda ine, kapena kugawa katundu wawo, kapena akayamba kukuopsezani inu ndi ana, tsiku lomwelo itanani abale mupite nawo kuchipatala ngakhale akwiye. Ndipo kuwafunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikuwapatsa maganizowo ayi, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Kabaza_Luwinga
Ine ndinayamba ndi kukana koma pano ndaona kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kandodo. Pa siteji pathu pali mnyamata anagundidwa ndi galimoto pa Katoto, anachira koma njinga sakweranso, timangomuseka kuti ndi wamantha. Mawa ndikamuyankhula bwino.

Dalaivala_M1
@MayiWaKuChibavi mlamu, ngati mungalole ndilembereni ku inbox. Dalaivala amamva za dalaivala mnzake. Sindidzawauza kuti mwandituma, ndikhoza kungowapeza ngati ndikufunsa za ntchito ya matabwa kenako ndiwauze za ine ndi Chiweta, ndione ngati angatsegule pakamwa. Ndipo kunena zoona inenso ndikufuna ndikaonane nawo aphunguwo, ndiye mwina tikapita awiri sizidzawalemera.

Mphungu_Katoto
@Dalaivala_M1 maganizo abwino akulu, koma musawabisire kuti mwadziwana ndi akazi awo pa gulu pano. Munthu wotere akadzatulukira kuti munapangana kumbali amasiya kukhulupirira aliyense, ndiye mwatseka khomo lomwe mumafuna kutsegula. Mayi awauze okha kuti pali dalaivala mnzawo amene anadutsa zofanana ndipo akufuna kucheza nawo, asankhe okha. Komanso mukakumana musawakakamize kufotokoza za ngoziyo mwatsatanetsatane, kambani zanu, iwo akafuna adzayamba okha.

Dalaivala_M1
Ndamva bwana, tichita choncho.

Masasa_Queen
Nanga popita kumeneko munthu amatenga chiyani, pamafunika kalata yochokera ku chipatala chaching'ono?

NesiWaUsiku
Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala alionse amene mukumwa, ngakhale azitsamba kapena ogula pa golosale, adokotala awaone. Za kalata ndi masiku a kiliniki imbani kapena dutsaniko mufunse pa resepishoni musanapite ndi wodwala, kuti asakafike nkubwezedwa chifukwa munthu amene wavomera movutikira akabwezedwa kamodzi kumubweretsanso kumavuta. Lembani papepala zimene zikuchitika, zinayamba liti, usiku amadzuka kangati, chimene chimayambitsa, chifukwa pamaso pa dokotala ambiri amangoti ndili bwino. Ndipo inu mayi a ku Chibavi ngati mukufunabe za Brainspotting kapena EMDR funsani komweko mosaopa, muwaonetse ndi vidiyo imene mlamu wanu anatumizayo akuuzeni maganizo awo atamuona munthuyo.